Chimela Changa mu Tivi ya Apongozi

Mpaka lelo ndikaona chimela cha mawele mtima umati phwii, ndipo thobwa ndimamwa mwamanyazi.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, sopo ndi mafuta zikusowa m'masitolo. Ndinachoka kwathu kwa Mwape kukaona mwana wanga Misozi, amake Bwalya, pa boma la Petauke. Mwamuna wake, a Mulenga, anali mphunzitsi wochokela kumpoto. Monga mwa mwambo, ine ndi apongozi angawo sitinkayang'anana kapena kulankhulana. Iwo akalowa pabalaza, ine ndinkathawila kukhichini.

M'nyumbamo munali tivi, ya zithunzi zakuda ndi zoyela. Anakaigula ku Lusaka, ndipo mtundu wake anasankha Misozi, pomwe mwamuna wake ankafuna wina.

Unali mwezi wozizila. Ndinaviika mawele kuti ndiwaphikile thobwa, koma chimela chinakana kumela. Tsiku lina Misozi anandiuza kuti, "Amama, tivi musamaifundike kansalu msanga. Imatentha kumbuyoku."

Ndinagwilapo. Kunali kofunda ngati pamimba pa nkhuku yofungatila! Apongozi atapita kusukulu, ndinanyowetsa kathumba kanga ka mawele n'kukaika pa linunda la tivi, kukhoma kosaoneka. M'mawa uliwonse ndinkawazako madzi. (Timabowo ta pa linundapo ndinatiwona, koma ndinkati n'topumila.)

Chimela chinamela bwino. Thobwa tinamwa. Kenaka tivi inalila kuti thuu, kautsi fuu, basi.

M'nyumba munalowa maliro opanda mtembo. Ndili kukhichini ndinkamva zonse, apongozi akukalipila mkazi wao.

"Ndinakuuza, amake Bwalya, kuti mtundu uwu ndi wachabechabe. Unangokonda kuwala kwa mabatani!"

"Tiyeni tikakonzetse, atate ake."

"Kukonzetsa chinthu chobadwa chodwala? Tigula ina, ndipo iwe sudzasankhanso kanthu m'nyumba muno."

Mwana wanga anasiya kudya. Ankalila mobisa potsuka mbale, apongozi n'kumagona choyang'ana kukhoma. Ine ndinkamulangiza kuti banja n'kupilila, osadziwa kuti mfiti yake ndine.

Pomaliza a Mulenga analola kuitana a Mwanza, wokonza mawailesi pamsika, kuti angotsimikiza kuti yafadi. A Mwanza anamasula kumbuyo, n'kuyang'ana m'kati.

"Aphunzitsi," anatelo, "mtundu uwu ndi wolimba kwambili. Ina ikanapsa tsiku loyamba. Koma ndifunseko, mundawu walima ndani?"

Ndinasuzumila pachitseko. M'kati mwa tivi munali dzimbili, nkhungu, ndi mawele anga atatulutsa timizu toyela pakati pa mawaya.

Ndinagwada pakhomo la khichini, nkhope kumbali, n'kulankhula kwa Misozi monga mwa mwambo: "Uwauze apongozi kuti mlimi ndine."

A Mwanza anatuluka panja kukatsokomola (kunali kuseka kumene kuja). Tivi anati ikonzeka, koma zitsulo zake n'zodikila basi ya ku Lusaka.

A Mulenga anatembenukila mkazi wake.

"Amake Bwalya, unasankha bwino. Ndinakulakwila. Ndipo uwauze amai kuti thobwa lija linali lokoma. Koma lina akaphikile kwa Mwape."

Madzulo amenewo Misozi anadya mpaka kunyambita mbale. Ine ndinamanga katundu wanga. Ndinaphunzila kuti chinthu chikafa m'nyumba, musathamangile kutukwana wochipanga kapena wochisankha, yambani mwafunsa mlendo. Koma kunena zoona, chimela chomela bwino chotelo sindinachionenso.