Tsiku Lomwe Ndinamwetsa Boti Sikwashi

"Grace, kodi umadziwa kugwira sipanala?"

Funso lake linali lomweli basi, anzanga. Munthu wanzeru akanayankha kuti ayi n'kupitiriza kupinda zovala. Koma ine mwana wa mayi anga, woleredwa kuti wamkulu akafunsa sumuyankha zomugwetsa ulesi, ndinamwetulira n'kunena kuti eya, ndimadziwa. Sipanala yake iti? Ya njinga ya amalume ku Ntcheu, imene ndinkangowagwirizira iwo akamamata chubu?

Anandifunsawo anali a Walter, mzungu wokalamba amene ndinkawasamalira kunyumba kwawo cha ku Annapolis, kuno kutsidya kwa nyanja. Munali mu Novembala 1995. Ine ndinkakhala ku Laurel ndi ana anga awiri m'kanyumba ka lendi, ndipo ntchito inali yomweyi, ina panalibe. A Walter anali atadwala sitiroko. Miyendo inkakana, mawu ankatuluka ngati munthu wavumata mbatata yotentha. Mutu wokha unali bwino, kupatula masiku ena.

Tsiku lina lotero, ndidakali wachilendo panyumbapo, anatereka poto wa supu ine ndikuchapa m'chipinda chapansi, iwo n'kukagona. Utsi tolo nyumba yonse, alamu kulira, aneba kutuluka. Mwana wawo Diane, amene anandilemba kudzera kukampani yotumiza osamalira odwala, anali atanena kale kuti bambo ake akadzangolakwitsa kamodzi ndi moto, basi, akukawasiya kunyumba yosungira okalamba. Ndiye Diane atafika ali wefuwefu, ine ndinati ndine ndinaiwala potoyo. Anandiyang'ana ngati chinthu chimene waponda panjira, n'kuimba foni kukampani. Kumeneko anandiuza mosapita m'mbali kuti dandaulo lachiwiri likadzabwera, ndidzakafune ntchito kwina. A Walter sananene kanthu, ngakhale zikomo. Potoyo Diane anamutaya m'bini, ine n'kumutola, kumukwecha mpaka anayambanso kugwira ntchito, kungoti pansi pake panatsala chipsera chakuda.

Tsono sipanala ija inali ya boti. A Walter anali ndi boti la matanga limene ankalikonda kuposa mmene amuna ena amakondera akazi awo. Kuno nyengo yozizira ikamayandikira, maboti amawavuula n'kuwaimika kumtunda pa zitsulo. Madzi onse a m'mapaipi amawachotsa n'kuthiramo mankhwala apinki amene saundana, chifukwa madzi akaundana amafufuma n'kuphulitsa paipi. Diane anali atawauza kuti ntchitoyo aisiyire amisiri a padoko. Iwo kukana, ati boti lawo silinagwiridwepo ndi munthu wachilendo. Ine ndiye ndinali wakwawo, eti?

M'galimoto anandifotokozera bwinobwino. M'botimo muli giza, kathanki kotenthetsera madzi. Uyambe wazimitsa magetsi ake, kenako ukhuthule madzi ake. Ukatero uzule mapaipi ake awiri, yolowa ndi yotuluka, uwalumikize okhaokha kuti mankhwala azilambalala gizayo, apo ayi imeza onse. Ine ndinkangoti eya, eya, manja ali nga pachiwongolero, mtima wonse uli pa malole amene ankatidutsa.

Titafika ndinapeza boti lili m'mwamba ngati nkhokwe, makwerero atatsamira m'mbali mwake, chingwe cha magetsi chikulendewera. A Walter anatsala pansi pa njinga yawo ya olumala atafunda bulangeti. Ine ndinakwera nditavala yunifolomu yanga yoyera, chitenje m'chiuno, pamwamba jekete ya mwana wanga. Azibambo amene ankapala boti loyandikana nalo anasiya ntchito n'kuyamba kuonerera. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandigwirira makwerero.

Chimene sindinaganizire n'chakuti ukalowa m'mimba mwa boti, mawu a munthu wa sitiroko amene ali pansi panja amamveka ngati njuchi m'botolo. Ankati akang'ung'udza kwa nthawi yaitali, n'kumaliza ndi liwu limodzi lomveka: "Wamva?" Ine n'kukuwa, "Ndamva, bwana!" Kwathu wamkulu sumubwerezetsa mawu. Ndiponso munthu amene liwu lililonse amachita kulikoka ngati chitsa, ungamuuze bwanji kuti abwereze, pamaso pa anthu amene akungodikira choseka?

Masiwichi analipo mzere wonse. Ndinazimitsa imodzi, m'kati monse mdima bii. Ndinazimitsa ina, kena kake kanasiya kulira. Mantha anandigwira, ndiye ndinangoyatsa onse kuti pasakhale wodandaula. Ya giza nayonso inayaka.

Gizayo anaibisa m'dzenje la pansi pa benchi, panja pamene amakhala woyendetsa boti. Kuti uifike umayenera kulowetsa mutu ndi mapewa, zotsalazo n'kuzisiyira kumwamba. Inu amayi anzanga mukudziwa mmene Mulungu anandiumbira. Mutu unalowa bwinobwino, koma zotsalazo zinali ngati mbendera, doko lonse kuona. Ndinamva wina akuimba mluzu. Mapaipi anali atauma gwa ndi kuzizira, sipanala ikuterereka, zala sizikumvanso kanthu. Ndinalimbana nawo mpaka misozi kulengeza, kenako Satana anandinong'oneza: Grace, paipi ndi paipi. Zolambalalazo n'zachiyani? Ungothira.

Ndinathira mankhwala m'thanki yaikulu, kuyatsa pampu, n'kutsegula mpope wa kukhitchini. Ndinasankha wofiira, wa madzi otentha, chifukwa cha zala zija. Eee, madzi ofunda bwino! Ndinaima pamenepo kuotha manja ngati mkazi wa bwana, osadzifunsa kuti madziwo afunda bwanji pamene giza amati ikhale yozima.

"Yafika pinki?" anakuwa a Walter kuchokera pansi.

"Ikubwera, bwana!"

Chigubu china, madzi oyera mbee. Chinanso, mbee. Mankhwala onse amene tinagula anathera m'mimba mwa giza, iyo ikungondibwezera madzi ake akalekale ngati ikundiseka.

Pamenepo m'pamene ndinazindikira zimene mkulu uja ankatanthauza m'galimoto. Ndinabwerera m'dzenje muja ndi ukali wa munthu wogwidwa ndi manyazi, ndinakoka paipi ndi mphamvu zonse za mayi wa ana awiri, ndipo inazuka. Pampu ndinali ndisanazimitse. Mayo ine! Madzi ofunda apinki kumaso, m'mphuno, m'makutu, kutsika m'khosi mpaka yunifolomu yonse. Ndinakuwa dzina la mayi anga amene anagona kalekale. Azibambo aja anaseka mpaka wina anakhala pansi. A Walter akufunsa kuti chachitika n'chiyani, ine ndikulavula: "Zonse zili bwino, bwana!"

Mapaipi aja ndinawalumikiza ndithu, mochedwa ngati feteleza wobwera chimanga chitamasula kale. Koma mankhwala anali atatha. Ndipo apa m'pamene ndinachita chinthu chimene mwana wobadwira kuno sangachilote n'komwe. Ine ndinakula ndikutunga madzi kudambo, mtunda ndithu, ndipo ukataya ngakhale chikho chimodzi mayi ankakukumbutsa ndi mthiko. Madzi otsukira mbale ankathirira mpiru, otsukira mpunga ankamwa nkhuku. Ndiye ndione mankhwala ogula kusitolo ali tho m'giza, ndiwatayire pansi? Ndinatchera ndowa, kukhuthula giza yonse ndowa ndi ndowa, n'kumathiranso m'thanki. Anali atasakanikirana ndi madzi, mtundu wake wongoyerekeza, ngati sikwashi wa paukwati amene amusungunula kuti akwanire ndi osaitanidwa omwe.

Ndinatsegula mipope yonse, ya kukhitchini ndi ya kubafa.

"Pinki?"

"Pinki, bwana!"

"Pinki weniweni?"

Ndinayang'ana timadzi tija. "Weniweni."

Kafungo kopserera kamene kanayamba kumveka ndinkati ndi fodya wa azibambo aja. Inali giza, m'kati mulibe madzi, magetsi ali chiyakire.

Nditatsika, mayi wina wogulitsa m'kashopu ka padokopo anabwera ndi thaulo ndi kapu ya khofi. Sanaseke, sanafunse kanthu. Anangondipukuta kuseri kwa khutu kumene ndinasiya, ngati mmene umachitira ndi mwana wako. Nkhope yake ndimaikumbukirabe mpaka lero, za azibambo aja ndinaziiwala dala. Kunyumba Tadala, mwana wanga wamkazi, anandifunsa m'Chingerezi chake chija ngati ndinagwera mu yogati.

Chaka chimenecho kunazizira koopsa, sinowo, chipale chofewa chija, mpaka kutseka zitseko. Ine ndinkagona ndikupempherera boti. Munamvapo munthu akupempherera mapaipi? Kumpingo akati amene ali ndi chopempha cha mumtima akweze dzanja, langa linkakhala loyamba, ndipo amayi ena ankandigwira paphewa poganiza kuti ndi nkhani ya banja. Koma kuti ndiwauze a Walter, pakamwa pankalemera. Ndinkawasambitsa, kuwameta, kuwamva akukamba za kumene tidzapite ndi boti kukatentha, ine n'kumangoti eya.

Mu Epulo mmisiri wa padoko anamuimbira foni Diane, ndipo Diane anatitenga tonse kukaona. Bamboyo anatsika makwerero atanyamula pampu yong'ambika pakati ngati dzungu, kudzanja linalo kachitsulo ka m'giza kakuda bii. Anati mapaipi aphulika paliponse, matabwa a pansi anyowa n'kufufuma, ndipo amene anagwira ntchitoyi anangothiramo madzi opaka mtundu. Azibambo aja analiponso. Mmodzi anandiloza ndi chibwano: "Mufunseni mayi wa pinkiyo."

Diane anatembenuka pang'onopang'ono. "Grace. Unabwera nawo kuno bambo anga? Unakwera boti ili iweyo?" Dzanja lake linali litalowa kale m'chikwama, mmene munkakhala foni yake ija yaikulu ngati njerwa. Dandaulo lachiwiri. Ndinaona ana anga, ndinaona katundu wathu ali panja ku Laurel. Ndinatsegula pakamwa kuti ndivomere, poti ulendo uno wolakwa ndinalidi ine.

"Ndine."

Anali a Walter. Mawu ankatuluka movutika, limodzilimodzi, koma aliyense anamva. Anati ndi iwo amene anandikakamiza kubwera, ndi iwo amene anandiuza kuti ndisungunule mankhwala ndi madzi, ndi iwo amene anaiwala za siwichi. "Mtsikanayu anangochita zimene ndinamuuza. Mutu wangawu ndi umene watha."

Munthu amene ankakana kwamtuwagalu kuti mutu wake uli ndi vuto! Diane anatulutsa dzanja m'chikwama lopanda kanthu. Anagwada pafupi ndi njinga yawo n'kunena mofatsa, kufatsa kopweteka kuja, kuti ndiye basi adadi, boti likugulitsidwa. Iwo anangogwedeza mutu. Sanaliyang'anenso botilo, ngakhale pamene ndinkawakankha kudutsa pansi pake kupita kugalimoto.

Ine ntchito inatsala. Iwo boti linapita, limodzi ndi kaulemu kochepa kamene kanawatsalira pamaso pa mwana wawo. Zonsezi chifukwa cha mayi wina wa ku Ntcheu amene sankatha kunena kuti sindinamve, komanso sankatha kutaya madzi. Sekani, anzanga, nanenso ndimaseka, koma kuseka kwake kumathera pakhosi. M'galimoto momwemo ndinalumbira chamumtima kuti boti ndi ine tasiyana, chapinki chilichonse ngakhale duku sindidzavalanso, ndipo ulemu wovomera zimene sindinamve ndausiya padoko pomwepo.

Lumbirolo linayesedwa tsiku lomwelo. Diane atapita, ndinawatenthetsera supu m'poto uja wa chipsera chakuda, mawu opepesa ndawakonza m'mutu m'zilankhulo ziwiri. Iwo anasendeza njinga yawo mpaka pachitofu, anagogoda potoyo ndi supuni, n'kung'ung'udza kena kake. Kenako, "Wamva?"

"Ndamva" uja anafika mpaka pamilomo. Ndinamumeza.

"Ayi, bwana. Sindinamve. Bwerezani."

Anandiyang'ana, mbali ya pakamwa imene inkagwirabe ntchito ikumwetulira. Anagogodanso poto.

"Ndati za poto uyu tathana. Pakula supu. Koma usathiremo madzi."