Tsiku Limene Ndinayerekeza Mkazi Wanga ndi Udzudzu

Mpaka pano ndikamadutsa pampopi wa m'dera lathu ku Machinjiri, amayi amayamba kutsokomola mwadala. Chifukwa chake ndi ichi.

Mkazi wanga anali woyembekezera, titadikira zaka zambiri mpaka achibale anali atasiya kufunsa. Kusikelo anesi anati magazi achepa, azidya zomanga thupi. Koma nyama inkamuchititsa nseru, mazira ankati akununkha, nyemba osazitchula n'komwe. Ankangofuna ngumbi basi. Mantha anali atatigwira tonse, nyumba ili zii.

Ine ndimaphunzitsa Bayoloje kusekondale (vuto linayambira pamenepa). Ndinati ndimulimbitse mtima.

"Musadandaule mayi, n'chilengedwe. Ngakhale udzudzu, umene umaluma ndi waukazi wokha. Ukakumana ndi waumuna umayamba kulakalaka magazi, chifukwa mazira ake amafuna mapuloteni."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye ine ndine udzudzu?"

"Ayi, ndimati..."

"Bwanji osandiyerekeza ndi manthu wa chiswe, amene amangokhala pansi n'kumaikira mazira, ena akumubweretsera chakudya? Kapena buku lanulo tsamba limenelo linathothoka?"

Ndinanyamula khasu ndi ndowa, n'kudutsa pakamsika ka pafupi ndi nyumba yathu osayang'ana n'komwe. Kuseri kwa mpanda wa a Nanthambwe, oyandikana nafe, kuli chulu chachikulu. Mvula inali itangokata masana amenewo, koma ngumbi zinali zisanatuluke. Ndinaganiza zozitsatira komweko (munthu wanzeru akanadikira).

Nditagema kawiri katatu, m'malo mwa ngumbi kunatuluka asilikali a chiswe, aja a mitu ikuluikulu yofiira. Ine maso ali kudzenje, iwo akukwera m'miyendo ya thalauza. Woyamba analuma kuseri kwa bondo. Wachiwiri anapitirira. Wachitatu anafika pamalo pamene sindingalembe pano.

Ndinavina. Ndinadzimenya mbama m'ntchafu. Kenako ndinaona kuti ulemu ungodikira kaye, ndinavula thalauza n'kuyamba kulikutumula.

Nthawi yomweyo amayi a Mvano anatulukira pakona, akuimba nyimbo pochokera kokaona wodwala. Nyimbo inathera pakamwa. Kutsogolo kunali a Nanthambwe, amenenso mwana wawo ndimamuphunzitsa.

"Aphunzitsi, kwagwanji?"

"Ndikufuna ngumbi, mayi. Akunyumba sakudya."

"Ndiye ngumbizo zili m'thalauzamo?"

Ndinafika kunyumba ndikuyenda chotang'adza, ndowa ili mbee. Nditafotokoza, mkazi wanga anaseka mpaka misozi, atagwira mimba ndi manja onse. Ndinali nditaiwala kuseka kwake.

Dzuwa lisanalowe a Nanthambwe anagogoda, atanyamula mbale yodzaza ngumbi zokazinga kale. Mkazi wanga anadya zonse, n'kupempha dzira lowiritsa pamwamba. Amayi aja anayamba kusinthana kubweretsa tizakudya, ndipo ulendo wotsatira wakusikelo anesi anamwetulira. Mwanayo tikumuyembekezera mwezi wamawa.

Potuluka tsiku lija anabweretsa ngumbi, a Nanthambwe anandikokera pambali.

"Aphunzitsi, ngumbizi ndagula pamsika. Paja munadutsapo ndi khasu paphewa."