Pepala la Asiyatu ndi Pulasitiki Yanga

Anzanga, ine ndinawolokapo nyanja pa mwera woti ngakhale ng'ona zinkasanza, koma mantha enieni ndinakawaonera pamtunda, mu ofesi ya loya ku Mangochi boma.

Mwana wanga Asiyatu diso lake linayamba kuchita ng'ala, ndiye alamu anga a Yusufu amene ali ku Joni anamupezera dokotala kumeneko. Wopita ndi mwanayo anali mayi ake, koma alamu anati pa boda mwana sadutsa popanda pepala loti ine bambo wake ndavomera, ndipo pepalalo lidindidwe ndi notale. Notaleyu ndi loya ndithu, koma osati loya wamba, ndi wokhalitsa pa ntchito, woti akhoti anamuloleza kukhala ndi chidindo chomveka mpaka kunja. Mayi ndi mwana anatsogola ku boma, basi inali yonyamuka mawa lake, ine ndinatsalira ku Makanjira kukonza pepala limene alamu anatumiza pa foni.

Ndinakalipulintitsa pamsika, n'kusainiratu, kenako ndinaganiza monga msodzi. Ife chilichonse chokwera boti timachimanga, foni mu jumbo, machesi mu jumbo, ndiye pepala la diso la mwana ndilinyamule lamaliseche? Ndinalimatitsa pulasitiki yolimba ija ya makina otentha, ndipo ndinati amate kawiri.

Notaleyo anali mayi wa magalasi, wolankhula motsitsa, mtundu wa anthu oti akangokhala chete iwe umayamba kuulula ndi zomwe sunachite. Analitembenuza pepala lija, n'kuligogoda patebulo.

"Bambo Jafali, wasaina apa ndani?"

"Ndine, bwana."

"Ine ndinalipo?"

"Ayi, inu munali kuno."

"Ndiye ndichitira umboni chiyani? Ntchito yanga ndi kuona ndi maso anga kuti wosainayo ndi mwini dzina, komanso kuti palibe wamukakamiza. Nanga chidindo ndidinda pati? Mwabweretsa pepala kapena thileyi?"

M'maganizo ndinaona basi ikunyamuka, Asiyatu atatsala pa depoti ndi kadiso kake koyera, mayi ake akundiyang'ana. Ndinati, "Musadandaule bwana, ndisenda pompano," n'kusolola mpeni wanga wotumbulira chambo. Kodi inu mukanakumbukira kuti mpeni wa m'boti umaoneka mwina ukalowa mu ofesi? Sekilitale analowa pansi pa tebulo ndi nsapato zomwe, mlonda anatulukira ndi chibonga, ine ndili kalikiliki kufotokoza kuti ndikufuna kusenda pepala, osati bwana. Bwanawo sanasunthe n'komwe, anangoti, "Musiyeni asende." Ndinasendadi. Mawu onse anapita ndi pulasitiki, m'manja mwanga munatsala choyera ngati mimba ya mlamba.

Anati tipulinte lina kuchokera pa foni. Foniyo ndinayamba kuivula, jumbo, mphira, jumbo ina, mphira wina, ndipo pofika pa foni yeniyeni ofesi yonse inkanunkha usipa moti sekilitale anatsegula mawindo onse.

Itafika nthawi yolumbira anati ndikweze dzanja, ndinene kuti zalembedwazo ndi zoona. Ine ndi mantha ndinakweza manja onse awiri ngati andigwira ndikuba injini. Ndinalumbira pali Mulungu, pali manda a amayi anga, ndinati ngati ndikunama mphenzi indipeze pakati pa nyanja, ng'ona indidye kuyambira kumiyendo kuti ndizionerera.

"Zakwana, bambo. Tsitsani manja, sainani apa."

Dzanja linkanjenjemera ngati ukonde wogwira kampango. Chomwe ndinalemba, atachiyerekeza ndi sayini ya pa chiphaso changa cha unzika, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndinudi a Jafali?"

Pamenepo ngakhale ine ndinayamba kukayika. Anati chabwino, nkhope ikugwirizana, tiwonjezere chidindo cha chala. Ndinapaka inki chala chachikulu, kudinda, kunatuluka chibanga chakuda chopanda mzere ngakhale umodzi. Zingwe za makoka zinadya zala zanga kalekale, ine osadziwa kuti ndimayenda ndi zala zopanda dzina. Tinayesa cholozera pa pepala lapadera, chimodzimodzi. Chapakati, chimodzimodzi. Thukuta linkatsika mpaka m'masokosi, mlonda naye anayika chibonga pansi n'kubwera kudzaonerera.

Kunatsala kachala kakang'ono kakumapeto, kaulesi kaja, koti chibadwire sikanakokepo khoka, ntchito yake ndi kukanda m'khutu basi. Kudinda, mizere yonse mbee, ngati yojambula. Bwana analemba pambali kuti ndi chala chiti, anasaina, n'kufinya chidindo chawo chachitsulo.

Asiyatu anadutsa maboda onse ndipo pano diso likuona bwino, moti amandiona ndili patali ndikafuna kuzemba kunyumba. Koma ndikayamba kudzitama padoko kuti mwanayo ndinamuwolotsa ndine, mayi ake amayankha ali pomwepo kuti, "Inu munangoperekeza chala."

Ndiye ndinalumbiranso, ulendo uno ndi dzanja limodzi. Pepala la boma sindidzalichitiranso nzeru ndisanafunse mwini chidindo, ndipo kachalaka ndakapumitsa ntchito ya m'khutu. Pano ndimakanda ndi machesi.