Diresi Lofiira pa Chingwe cha Amayi

Lolemba

Kwacha kotentha. Sikisi koloko isanakwane, thukuta lili kale pamphuno. Nyenje zikulira mumtengo wa mango wa a Chimwaza, makondakitala kumsewu akukuwa "Tauni! Tauni!", kwinakwake mwana akukana kusamba. M'nyumba mwathu mokha ndi momwe muli zii.

Sabata yachisanu ndili ndekha kuno ku Area 25. Denga lakale tinachotsa, latsopano lafika theka. Amayi ndi abale anga Tadala ndi Chisomo akukhala kwa amayi aang'ono ku Kawale. Ababa akugona kwa anzawo ku Mgona, kufupi ndi ntchito. Ine ndimagona m'kakhitchini ka kuseri, kulondera simenti. Mwezi ukatha Ababa agula malata otsala, onse abwerera mvula isanayambe.

Pobwera kusukulu, a Chimwaza, oyandikana nafe, opuma pa ntchito, odziwa zonse, akundiitana pampanda.

"Iwe, a msonkho wa nyumba akuyenda m'malaini sabata ino. Nyumba yopanda anthu amaiwonjezera msonkho. Kaya mukukonza, kaya simukukonza."

Ndikuti ine ndilipo.

"Mwana wasukulu wogona m'khitchini sawerengedwa."

Akawonjezera, ndalama ya malata yapita. Popanda malata, onse akhala komwe ali mpaka mvula ithe. Ababa sindiwauza, magazi awo amathamanga kale. Ndithana nazo ndekha.

Nyumba yokhala anthu imadziwika ndi izi:
pabwalo posesa,
utsi,
wailesi,
nsapato pakhomo,
zovala pachingwe,
mwana wolira (uyu ndiye wovuta kupeza).

Lachiwiri

Kusesa: ndasesa. Utsi: masamba aawisi pambaula, maso ofiira tsiku lonse. Wailesi ili pawindo, ikulalikira yokha. Nsalu yanga yofunda yasanduka katani.

Zovala ndiye vuto. Zonse zinapita ku Kawale m'masaka. Zanga ndi yunifolomu ndi makabudula awiri. Chingwe cha makabudula awiri chimanena poyera kuti muno muli mnyamata mmodzi wosawerengedwa.

Yamikani, mnzanga wa m'kalasi, amayi ake amagulitsa kaunjika. Ndawauza kuti ndi za sewero. Sindinaname kwenikweni.

"Tenga zokanika kugulitsazi. Ubweze Lamlungu, usadetse."

M'jumbo muli:
diresi lofiira, lalifupi,
kabulauzi konyezimira,
wigi,
nsapato za gogoda,
matewera anayi.

Matewera! Mwayi wanga. Palibe wa msonkho angakayikire nyumba ya matewera.

A Kachingwe, amisiri athu, akuyang'ana ali pamwamba pa khoma. "Mphwanga, ukutsegula sitolo?" Ndikulowa nalo jumbo m'khitchini. Chinsinsi cha anthu awiri si chinsinsi.

Lachitatu

Ndayanika zonse ndisanapite kusukulu. Matewera ndawanyowetsa kaye. Wigi pamsomali wa pakhonde. Gogoda pakhomo.

Kenako ndaona cholakwika: nsapato zilipo koma mapazi ake palibe. Ndazivala, ndayenda kuchokera pakhomo mpaka kuchimbudzi ndi kubwerera. Kugwa kawiri. Ulemu wanga upite kwa azimayi onse a m'tauni muno. Koma timabowo pamchengapo taoneka bwino zedi.

Masana, zayenda! Amake Dalitso a kutsidya kwa msewu, omwe sanandipatsepo moni chiyambire Juni, adutsa pageti katatu ndi ndowa yopanda madzi. Kachinayi aima.

"Alendo aswera bwanji?"

Ndikanena kuti kulibe alendo, mawa laini yonse idziwa, mkuja a msonkho adziwa.

"Aswera bwino."

"Mwanayo ndi wamkulu bwanji?"

"Wamng'ono."

"Mayo ine," akutero, n'kuthamanga ndi ndowa yawo.

Ngati amake Dalitso akhulupirira, boma ndi ndani? Ndadzigulira zigege. Ndiyenera.

Lachinayi

Zachilendo.

Kumpopi azimayi asiya kulankhula nditangofika. Mmodzi wandilowetsa patsogolo pa mzere. Sizinachitikepo.

Masana, amayi atatu a kutchalitchi kwathu afika. Akana kulowa. Apemphera ali pageti, maso otsinzina theka, theka linalo lili pachingwe. Pochoka mmodzi wandigwira paphewa: "Limba mtima, mwanawe. Wolakwa si iwe." Ndayankha kuti zikomo, malata atsala ochepa.

A Chimwaza pampanda: "Bambo ako ndinkawayesa munthu wofatsa." Apukusa mutu, alowa.

Dzuwa likulowa, foni. Amayi.

"Ukudya?"

"Eya."

"Kunyumbako kuli ndani?"

Amake Dalitso ali chiimire pageti lawo, makutu ali kuno.

"Zonse zili bwino, Amayi."

"Nawenso wayamba kundibisira."

Adula. Ndimayesa mayunitsi awathera. Ndatembenuka, ndaona chingwe. Chingwe cha Amayi, chomwe anamanga okha kuchokera pa mtengo wa gwafa. Laini yonse imadziwa nsalu iliyonse ya Amayi. Amayi alibe diresi lofiira. Amayi sanavalepo gogoda. Chisomo anasiya matewera zaka zisanu zapitazo.

Ayi. Ayi, ayi, ayi!

Kuimbira Amayi: sakuyankha. Kuimbira Ababa: foni yazima. Kuchotsa zovala? A Kachingwe akuti bambo wa msonkho ndi faelo yake anali mulaini ya kuseri kwathu lero, mawa ndi ife.

Tsiku limodzi lokha. Banja la zaka makumi awiri silingathe tsiku limodzi. Ndikuganiza choncho.

Lachisanu

Masamu sanalowe. Ndathawa pa buleki.

Pageti: njinga za kabaza zitatu. Masaka, mapoto, matiresi. Amayi. Amayi aang'ono. Tadala ndi Chisomo atakhala pa thumba la ufa. Amalume a Gama, ankhoswe a Amayi, atavala jekete kotentha konseku. Pampanda mitu yokhayokha, laini yonse, ena ochokera kulaini ya kuseri.

Amayi agwira gogoda imodzi m'manja ngati nkhwangwa.

"Njerwa za nyumba ino ndinaumba ndekha! Atuluke!"

Alowa chipinda chilichonse. Simenti, makwerero, buluzi. Atsata timabowo mpaka kuchimbudzi, agogoda. Palibe.

"Wathawa ndi mwana yemwe!"

Ababa afika ndi ovolosi ya kuntchito, amalume ndi omwe anawaitanitsa. Akuyang'ana wigi. Akuyang'ana matewera. Akuwerenga ndi chala.

"Anayi? Amake Tadala, zimenezi ine sindikuzidziwa."

"Zinagwa kumwamba poti denga kulibe?"

Ndayesa kulankhula katatu. Katatu konse amalume: "Ana salowerera nkhani za akuluakulu."

Ndiye kumveka odi. Bambo woonda, malaya oyera, faelo m'khwapa.

"Ndife a msonkho wa nyumba. Muno mukukhala anthu?"

Amayi osatembenuka n'komwe: "Muno ndi mwanga, ndafika, ndipo sindichoka!"

Bamboyo ayang'ana matiresi, mapoto, ana, khamu. Alemba kenakake. "Pepani, ndakupezani muli otanganidwa." Apita. Sabata yonse ya ntchito yanga, chingwecho sanachiyang'ane n'komwe.

Amalume ayamba kunena zoti banja likafika apa pamafunika kuitana a kwa mwamuna. Ababa akhala pa njerwa, dzanja pachifuwa. Basi. Ndatenga gogoda ya pakhomo, ndalanda inayo m'manja mwa Amayi, ndavula nsapato za sukulu, ndavala. Ndayenda mpaka kuchimbudzi, phazi lililonse m'kabowo kake. Kugwa kamodzi, pamalo omwe aja.

Aliyense akuyang'ana timabowo.

Ndafotokoza zonse: a Chimwaza, msonkho, malata, kaunjika. Mutu wa a Chimwaza watsika pang'onopang'ono kuseri kwa mpanda.

Amalume avula jekete. "Valanso wigiyo, tikhutire."

Woyamba kuseka ndi Ababa. Amayi atenga nthawi, koma atayamba anachita kugwira mtengo wa gwafa.

Loweruka

Amayi sakundilankhula. Ababa akuwalankhula kwambiri. Masana Amayi apatsa Ababa ntchafu zonse ziwiri za nkhuku. Ine khosi.

Akuti ku Kawale sabwererako, denga lithe lisathe. "Nyumba ukaisiya yokha imakubalira nkhani."

Amalume atumiza malata asanu ndi limodzi otsala pa khola lawo la nkhuku. Adzimbiri, koma osabooka. Azibambo omwe anali pampanda dzulo, manyazi awagwira, abwera ndi mahamala. A Kachingwe akungoloza ndi chala ngati bwana. Pofika madzulo zipinda ziwiri zafoleredwa, kwatsala pabalaza ndi khonde.

A Chimwaza agwira makwerero. "Ine ndinadziwa kuti bambo ako sangatero."

Ndawafunsa za msonkho wowonjezera uja, anazimva kuti.

"Mu minibasi. Koma anali munthu wa tayi."

Ndiye mpaka pano sindikudziwa ngati ulipodi. Ababa akuti akafunsa kuofesi Lolemba, ndipo akuti ndikanawafunsa iwo poyamba. Zoona. Koma magazi aja?

Amake Dalitso abwera ndi mbale ya mbatata, kupepesa. Potuluka andikokera pambali: "Diresi lija ndi zingati?"

Lamlungu

Mitambo kummawa. Fungo la mvula, madontho ochepa pa malata a nkhuku. Sikudontha.

Kutchalitchi aliyense akundipatsa moni akuyang'ana mapazi anga. Ana a mulaini andipatsa kale dzina: Gogoda. Mawa lifika kusukulu, Yamikani sasunga kanthu. Lidzandiperekeza mpaka Fomu 4, mwina mpaka ukwati wanga. Ndavomera.

Jumbo ndabweza. Diresi lagulidwa, amayi a Yamikani akufunsa ngati sewero lina lilipo.

Kakhitchini kabwerera kwa Amayi. Ine ndikugona pabalaza ndi simenti, pansi pa tenti. Wailesi Tadala walanda. Chisomo wajambula mbuzi m'kope langa la sayansi. Chete uja wapita, sabweranso. Masana Amayi andiikira chiwindi m'mbale. Pachingwe pali nsalu zawo, zomwe laini yonse imadziwa.

Abwerera kunyumba: Amayi, Lachisanu m'mawa, pa kabaza. Tadala ndi Chisomo, limodzi nawo. Ababa, Lachisanu masana, ndi ovolosi; chikwama chawo akatenga ku Mgona lero. Mphaka wathu, yemwe anasowa tsiku lochotsa denga, walowa yekha nthawi ya chakudya. Ine sindinachoke, koma lero andiwerenga.