Kagetsi Kolongolola

Nkhani iyi ndaibisa miyezi ingapo, koma poti pa Migowi anaimva kale ndi opala njinga omwe, bola ndiinene ndekha. Ndi ya kababu kochepa ngati njere ya nandolo, kamene kanandisiya pamsewu nditavala suti, mbuzi zikundiyang'ana.

Ndili ndi pikapu yakale ya malemu bambo anga, yoti ikamadutsa pamsika anthu amavula zipewa ngati kukudutsa maliro. Pa dashibodi pake pali kagetsi kofiira ka batire. Kagetsiko kankangophethira chifukwa dainamo inali itakalamba, ndipo akazi anga, amake Dalitso, sankakaona n'kukhala chete. "Abambo, kayakanso." Popita kutchalitchi, kayakanso. Popita kuchigayo, kayakanso. Tsiku lina ndinapisa dzanja kuseri kwa dashibodi, n'kuzula kababuko, n'kukaponya pawindo.

"Basi," ndinatero, "m'galimoto muno mwatsala wolongolola mmodzi."

Patatha milungu itatu amake Dalitso anamanga katundu wawo n'kubwerera kwawo ku Nazombe. (Musaganize kuti anachokera kababu kokha. Pakamwa pangapa pakhala pakundithamangira zaka makumi awiri ndi zisanu.)

Nyumba inati zii. Dalitso ali ku Joni, amaimba foni mwezi ukatha. Ndinkadya ndekha mpaka kumadzimva ndikutafuna, ndipo ndinasungulumwa koopsa, ngakhale sindinauze munthu. M'malo mwake ndinagula wailesi ya masipika akuluakulu ndi magetsi anayi apadenga, n'kumangirira pa pikapu. Batire inayamba kufa tsiku lililonse. Ndiye ndinapita ku Limbe kukagula olitaneta yamphamvu, makina otchaja batire injini ikamalira, kuti ilowe m'malo mwa dainamo ija. A Yusufu, makaniko wa kuseri kwa msika, anati ndibwere nayo andimangire.

"Galimoto iyi ndinaidziwa inu musanamere mano," ndinawayankha.

Apa n'kuti ankhoswe atagwirizana kuti Loweruka, teni koloko m'mawa, tikakambirane ku Nazombe. M'mutu mwanga zonse zinali zitatha kale: ndifika nyimbo zikugunda, ndipepesa pang'ono, mayi akwera kutsogolo.

Lolemba olitaneta ija ndinaimanga ndekha. Lachiwiri batire inali itafa. Ndinati vuto ndi lamba, n'kumukunga mpaka anayamba kulira ngati kankhumba kogwidwa mwendo. Lachitatu ndinatsuka mitu ya batire ndi soda ndi madzi otentha, n'kuipala ndi mpeni wodulira masamba. Lachinayi ndinasenza batireyo kupita nayo kotchajitsa, ndikutukwana munthu amene anandigulitsa olitaneta ku Limbe njira yonse. Lachisanu ndinasolola mawaya onse n'kuwabwezera, awiri n'kutsala opanda kwawo. (Ndinawamanga pamodzi kuti asasungulumwe.) Masana ake mtima unagwa, ndinapita kwa a Yusufu, koma ndinapeza ali kumzikiti. Ndinati ichi n'chizindikiro chakuti sindikuwafuna.

Loweruka ndinanyamuka ndi batire yotchajitsa, suti yositidwa, wailesi ili pamwamba, magetsi anayi aja akuyaka dzuwa likuswa mtengo, kuti aku Nazombe aone. M'munsi mwa Michesi woimba wa pa wailesi anayamba kukoka mawu ngati waledzera. Kenako injini inatsokomola kawiri n'kuzima.

Panalibe munthu. Mbuzi zitatu zokha pachulu. Nditadikira ndithu, panafika amayi anayi ochokera kunkhuni, anatula mitolo n'kundikankha. Pikapu inangoti gu gu gu n'kukhalanso chete. Mmodzi anafunsa kuti, "Kodi maliro ake ali kuti, bambo?" Ankaona sutiyo.

Ndinaimbira a Yusufu. Anafika panjinga yamoto dzuwa litapendeka, batire ina ataimangirira kumbuyo. Anailumikiza, n'kupotokola kiyi, n'kuyang'anitsitsa pa dashibodi.

"Achimwene, kagetsi ka batire kali kuti?"

"Ndinakachotsa. Kankalongolola."

Anavula kapu yawo n'kudzikanda pamutu. "Walahi, sabata yonse mwavutikira zimenezi? Dainamo yakale ija inkadzidzutsa yokha. Iyi ayi. Kamoto koidzutsa kamadutsa m'kababu komweko. Popanda kameneko imangozungulira ili m'tulo, olo ikhale yamphamvu bwanji."

Anatulutsa kababu m'thumba la ovolosi, n'kukalowetsa ndi zala ziwiri. Kanayaka. Injini italira kanazima, batire n'kuyamba kudya. Ntchito yonse sinakwane mphindi zisanu, ndipo a Yusufu sanaseke, zomwe zinandipweteka kuposa akanaseka.

Ku Nazombe ndinafika cha m'ma fili koloko. Ankhoswe anali atabalalika kalekale, mipando itabwezedwa kwa eni ake. Amake Dalitso ndinawapeza pakhonde akusola nandolo m'lichero. Anandiyang'ana suti yodzaza girisi, n'kundisunthira mpando. Ndinafotokoza zonse osabisa, mpaka za kababu. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, ndipo mtima wanga unati myaa, poti kuseka kumeneko ndinali nditakusowa.

"Ndiye mwakabwezera?" anafunsa.

"Ndakabwezera."

"Chifukwa mwakasowa, kapena chifukwa galimoto yakana kuyenda?"

Munthu wanzeru akanadziwa poyankha. Ine ndinati, "Galimoto inakana."

Anagwedeza mutu n'kupitiriza kusola. "Ankhoswe ati tidzakumanenso tikakolola. Muyende bwino, kusanade."

Ndinabwerera ndekha, wailesi nditathimitsa. Olitaneta ija tsopano ikugwira ntchito bwino lomwe, palibe chodandaula. Koma m'mawa uliwonse ndimalowa m'pikapumo ndi kapu ya tiyi, n'kupotokola kiyi pang'ono osaliza injini, kuti kagetsi kaja kayake. Ndimakhala nako choncho, kali psuu, ine n'kumadzinenera ndekha kuti, "Abambo, kayakanso."

A Yusufu anandichenjeza kuti kuchita zimenezi kumatha batire. Dzulo yathanso.