Bomba la Domingo m'munda mwanga

Masiku ano anthu a kuno ku Milanje akamva pa wailesi kuti mwana wa mlongo wanga, Domingo, wakwera ndege kukasewerera dziko lathu kiriketi, amabwera kudzandigwira chanza. "Inu ndi amene munamupatsa bwalo loyamba," amatero. Ine ndimangoti inde, inde, n'kusintha nkhani msanga, chifukwa akuluakulu amene analipo chaka chimenecho amayamba kutsokomola mwadala. Bwalo sindinamupatse ine ayi. Chimene ndinapereka ndi munda wanga wonse, ndipo sindinapereke kwa iye.

Tinali titangobwerako ku kampu ya ku Malawi, nkhondo itatha. Nyumba tinapeza zitagwa, mitengo itamera pakati pa zipinda. Ine ndi mkazi wanga, amake Rozita, tinasosa ndi kugalauza munda wathu wakale chilimwe chonse mpaka manja kuchita matuza. Mabungwe anali atanena kale kuti chimanga chogawa chikutha, aliyense adzione yekha. Mbewu tinali nayo m'nyumba, tinkangodikira mvula. Kuphonya kubzala chaka chimenecho kunali kuitanira ana njala pakhomo.

Tisanakwere malole obwerera, anatiphunzitsa za mabomba okwirira. Ukaona chinthu chachilendo usachigwire, ubwerere m'mapazi ako omwewo, uike chizindikiro chofiira, ukanene. Ine phunziro limeneli ndinalimeza lonse ndi minga yomwe. (Kusukulu sindinakhozepo kanthu chotere.)

Domingo, mwana wa malemu mlongo wanga, tinasiyana naye pothawa ali wamng'ono. Anatulukira mochedwa, ena tonse titafolera kale, ali mnyamata wamtali, wathanzi, paphewa chikwama chachitali chimene sankalola munthu kumunyamulira. Nthawi imeneyo sitinkafunsana kuti nkhondo inakupeza kuti, unkachita chiyani. Funso limenelo linkatha kupasula mudzi. Koma kusafunsa sikuletsa kuganiza. Thanzi lonselo analitenga kuti, ife tikuwonda ndi nyemba za kukampu? Nanga m'chikwama chachitali chotero munthu amasungamo chiyani?

"Mufunseni, ndi mwana wa mlongo wanu," anatero amake Rozita.

"Mayi, khalani chete. Zinthu izi ine ndinazionapo."

(Sindinazionepo. Nkhondo yonse ndinaithera pamzere wa ufa.)

M'mawa wina ndikupita kumunda, ndinamuona pa kabwalo kouma kumapeto kwa mizere yanga, pamene kale tinkayanikapo makaka. Ndinabisala kuseri kwa chulu. Mnyamata ankayenda akuwerenga mapazi, n'kugwada, n'kudina dothi ndi chala, n'kuyendanso. Kenako anakhoma timitengo titatu pansi. Atatsegula chikwama chija, anatulutsa chisoti chokhala ndi waya kumaso, zotchinga miyendo, ndi magolovesi onenepa. Zovala zotere ndinali nditaziona kamodzi kokha, pa anyamata ochotsa mabomba mumsewu wa ku Majawa. Ndinadziuza kuti wodziwa kuchotsa amadziwanso kukwirira. Zoti pambuyo pake anatenga chithabwa n'kumamenya mphepo akudziyankhula yekha, ndinangoti ndi mutu umene unasokonekera kutchire.

Mawa lake ndinabwereranso kuseri kwa chulu chomwecho. Ulendo uno sanavale chisoti. Anatulutsa m'thumba chinthu chofiira, chobulungira, chachikulu ngati lalanje. Anachilavulira, n'kuchipukuta pa buluku mosamala ngati dzira. Anabwerera m'mbuyo kutali, anayamba kuthamanga, mkono unazungulira, chinthu chija chinadunda pansi, chinaphonya timitengo tija n'kulunjika kumene ndinali ine.

Abale, ndinauluka. Ndinagwera chafufumimba m'tchire, manja kumutu, ndikutchula mayina a ana anga. Kuphulika sikunamveke. Chimene chinamveka ndi thupi langa, chifukwa tchire limene ndinasankha linali la chitedze. Ndinagona momwemo ndikuluma mano, Domingo akufufuza chinthu chake m'maudzu chapafupi. Atalephera kuchipeza anakwera njinga n'kumapita.

Ndinadzuka ndikudzikanda ngati galu wa utitiri, ndipo ndinachiona, chili phee pakati pa mizere yanga. Chinali ndi msoko wozungulira, umene ndinauona bwinobwino kuti ndi potsegulira. Apa phunziro lija linagwira ntchito. Ndinabwerera chafutambuyo m'mapazi anga omwe. Chizindikiro chofiira ndiye chinasowa. Ndinadziyang'ana thupi lonse, ndipo chofiira chokha chimene ndinali nacho ndi kabudula wamkati amene ndinalandira m'kaunjika wa kukampu. (Kunena zoona, ndi mmene chitedze chinalowera, kumuvula kunalinso mpumulo.) Ndinamupachika pamtengo, n'kuzika m'mphepete mwa mzere, n'kuthamangira kwa sekeretale wa dera lathu.

Sekeretale sanachedwe. Dzuwa lisanafike pamutu anali atabwera ndi galimoto ya ochotsa mabomba, ndipo mudzi wonse unali pambuyo pake. Mkulu wawo, bambo wandevu wosaseka, anayang'ana kabudula uja, n'kundiyang'ana ine ndikudzikanda.

"Papa, mwaona chimodzi chokha?"

Apa ndi pamene ndinadzipha ndekha. Ndinaona ngati akundikayikira, ndipo anthu onse anali chete kudikira yankho langa.

"Shefi, mnyamatayu sanayambe lero. Waponya zambiri. Munda wonsewu musaukhulupirire."

"Wonse?"

"Wonse, shefi, kuyambira pachulu mpaka kudambo."

"Puronto, zamveka," anatero. Anyamata ake anatsitsa zikhomo za mitu yofiira ndi chingwe, n'kuzungulira munda wanga wonse. Ine ndinaima manja kumbuyo, ndikumva kukoma ngati munthu wopulumutsa dziko.

Ali pafupi kumaliza, Domingo anatulukira pa njinga. Anthu anamupatukira ngati wakhate. Anayang'ana chingwe, anayang'ana kumene aliyense ankaloza, nkhope yake n'kuwala.

"Eee, tiyu, mwandipezera mpira wanga!" (Kwathu kuno malume timati tiyu.)

Tisanakuwe n'komwe, anali atalumpha chingwe. Mudzi wonse unagona pansi, ndi sekeretale yemwe. Mayi wina anayamba pemphero mokweza. Titadzutsa mitu, mnyamata anali ataima pakati pa mizere, akuponya chinthu chija m'mwamba n'kuchiwakha.

Anafotokoza pamaso pa onse. Atasochera pothawa, anatoledwa ndi bambo wina wophika pa kalabu ya mabwana a minda ya tiyi ku Mulanje. Kumeneko ankatola mipira mabwana akamasewera kiriketi, mpaka anaphunzira kuponya kuposa eni ake. Chisoti ndi zotchinga anachita kumupatsa, chifukwa mpirawo ndi wolimba, umathyola mano. Anali atamva kuti ku Maputo akufuna anyamata odziwa masewerawa, ndiye sankafuna kuti mkono uiwale. Anthu anaseka mpaka misozi, koma iye sanaseke. Anandiyang'ana ine.

"Tiyu, mukanangondifunsa. Zoona mumaganiza kuti ndingakwirire bomba m'munda umene abale anga akudikira kudyamo?"

Ndinasowa poyang'ana. Manyazi amene ndinamva pamenepo anaposa chitedze. Kuti ndithawe maso ake, ndinatembenukira kwa mkulu wandevu uja.

"Shefi, pepani, talakwitsa. Anyamata azule zikhomozi."

"Kalima, papa, mtima pansi. Malo akangonenedwa, sitizula chikhomo mpaka makina athu adutsemo. Mwanena nokha, pamaso pa sekeretale, kuti munda wonse."

"Koma mwaona nokha kuti ndi mpira!"

"Ndaona mpira umodzi. Zambiri zija sindinazione. Ndikazula lero, mawa mwana n'kuduka mwendo, adzafunsa ine."

"Ndiye makinawo abwera liti?"

"Patsogolo panu pali msewu, sukulu ndi zitsime. Mwina mvula ikatha."

Anakwera galimoto n'kumapita. Amake Rozita sanakalipe. Anangomanga nsalu yawo bwino, n'kunena motsitsa kuti safunsa anadya phula, basi.

Mvula inagwa sabata yomweyo, yabwino, yolowa pansi. Anthu onse anatuluka ndi mbewu. Ine ndinakaima pachingwe, ndikuyang'ana mizere yanga ikumwa madzi popanda woponyamo njere, kabudula wanga akuuluzika pakati pake pamene munthu sakanatha kukamuchotsa. (Mpaka lero malo amenewo amawatcha Pakabudula, ndipo a minibasi amaimapo.) Pamenepo nthabwala zinandithera. Ndinaganiza za ana anga mwezi wa njala, ndipo ndinachita mantha enieni, oposa a kuseri kwa chulu.

Ndinamva mapazi kumbuyo. Anali Domingo, makasu awiri paphewa. Chichitikireni zija anali asanandiyankhule, ndipo ine ndinkamuzemba ngakhale kutchalitchi.

"Tiyu, tiyeni. Munda wa amayi ndinausosa theka. Ine ndekha sindingadye zonsezo, komanso mwina ndipita ku Maputo. Katengeni mbewu."

Ndinafuna kupepesa, koma iye anali atanditambasulira kale mpini. Ndinangolandira khasu. Tinayenda mvula ikuwaza, iye patsogolo, ine pakati, amake Rozita ndi ana pambuyo atasenza mbewu. Njira yonse ndinkalumbira mumtima kuti sindidzaganiziranso munthu choipa ndisanamufunse.

Titafika, ndinaima pamzere woyamba n'kukweza khasu m'mwamba. Linakana kutsika. Ndinayang'ana udzu wa m'mphepete, ndinayang'ana dothi, ndinayang'ana mnyamata.

"Domingo, usakwiye, ndikungofunsa monga unanenera. Muno sunakwiriremo kalikonse?"

Amake Rozita anatula mbewu pansi, anandilanda khasu m'manja, n'kukumba okha phando loyamba.