Mapazi Chikwi a Namiyendo

Kale, nyama zisanathe manyazi, m'nkhalango ya Chimbalanga nkhani zazikulu zinkaweruzidwa ndi mapazi. Wogwirizana ndi nkhaniyo ankaponda pa dongo lonyowa, ndipo Mfumu Mkango inkawerenga zidindozo.

Tsono kampani ya Njovu youmba njerwa inafuna kuumitsa dambo kuti izikumbapo dothi. Palibe anaponda. Achule anakanitsitsa, ndipo Nkhanu anachita kulilambalala dongolo chammbali.

Fisi, mneneri wa kampaniyo, sanataye mtima. Anapita kwa Namiyendo, bongololo wokhala pansi pa chipika chowola m'mphepete mwa dambolo.

"Akuluakulu, inutu si nyama imodzi ayi," anatero Fisi. "Inu ndinu gulu. Ndinu mawu a nyama wamba!"

Namiyendo, amene chibadwire anali asanatchulidwepo akuluakulu, anatupa ndi matama. Atalandira dengu la masamba owola, anayenda pa dongo kupita ndi kubwerera mpaka dzuwa kupendeka. M'mawa mwake kunabadwa Bungwe la Nzika Zokonda Chitukuko, la mamembala chikwi koma mutu umodzi.

"Ifetu a kampani sitinapemphe kanthu," Fisi anauza Mkango, misozi ili lengelenge. "Koma Mfumu, kulira kwa khamu lotere tingakukane bwanji?"

Mkango anawerenga mapazi makumi atatu, anayasamula, n'kuvomera.

Dambo linauma. Achule anasamuka, chipika chija chinakawotcha njerwa, ndipo bongololo wopanda chinyontho sachedwa kufa. Namiyendo anagwidwa mantha. Anapeza kadongo kotsala pansi pa mwala, n'kupondapo ndi miyendo yake yonse, kupempha kuti madzi abwerere.

Kubwalo, Fisi anakayang'ana kadongoko n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Mfumu, chinyengo chafika poipa m'dziko muno. Taonani, mapazi onsewa ndi ofanana. Ndi kanyama kamodzi aka, kakutsutsana ndi nzika chikwi."

"Komatu chikwicho ndine ndemwe!" anakuwa Namiyendo. "Munandituma ndinu, a Fisi!"

"Mwamva, Mfumu? Tsopano akufuna kuba ndi mawu omwe a nyama wamba."

Mkango anayasamulanso. "Mmodzi sangapose chikwi. Mlandu watha."

Namiyendo anayang'ana dongo lakale lija, limene kampani inali italiwotcha bwinobwino n'kulipachika pakhomo la ofesi. Phazi lililonse ankalidziwa. Anadzikulunga ngati nkhata pa fumbi lotentha, atagonja kwa miyendo yake yomwe.